Kamphindi n'kotalika bwanji?

Pali mawu atatu amene ife olemba ndi owulutsa nkhani za sayansi m'Chichewa timabisalako zikatithina: "zamakono", "kamphindi" ndi "kugwirizanitsa". Onsewa ndi Chichewa chenicheni, palibe mphunzitsi angawadule ndi cholembera chofiira. Koma ali ngati chitenje cha mayi wa pamudzi: chomwecho n'choberekera mwana, chomwecho n'chomangira mgaiwa pochoka kuchigayo, chomwechonso n'chofunda pamaliro. Pakhomo zimenezo n'zoyamikika. Pa nkhani yoyeza zinthu, ayi. Ndikufuna ndiwakoke mawu atatuwa n'kuwaika pa nkhani imene silola kulambalala, ya momwe akatswiri amayerekezera wotchi ili pa setilaiti ndi wotchi ili pansi pano, pogwiritsa ntchito kuwala kochepetsetsa moti amachita kukuwerenga.

Nkhani yake ndi iyi. Mu Ogasiti 2016 dziko la China linaponya m'mlengalenga setilaiti yotchedwa Micius, dzina lochokera kwa Mozi, wanzeru wina wakale wa kumeneko amene gulu lake linalembapo za kuwala ndi zithunzithunzi zaka zoposa 2,000 zapitazo. Setilaitiyo anaiika pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera pansi. Mu 2020 gulu la Pan Jianwei, la ku University of Science and Technology of China, linafalitsa m'magazini ya Nature Physics zimene linapeza: linatumiza timadontho ta kuwala kuchokera pa setilaitiyo kufika pa siteshoni ya pansi, ndipo linayerekeza mawotchi awiriwo mwakuti miyeso yake inkasiyana ndi mapikosekondi 30 okha.

Tsono taimvani nkhani yomweyo itavala chitenje chija: "Akatswiri a ku China agwiritsa ntchito kuwala kwamakono pogwirizanitsa nthawi ya pa setilaiti ndi ya pansi pano m'kamphindi kochepa zedi." Chiganizochi ndachipeka ndekha, koma inu nonse amene mumatchera wailesi mukuudziwa mtundu wake. Chimatsetsereka bwino pa lilime. Komatu chanama. Womvera aliyense wa ku Nambuma kapena ku Namitete amva kuti akatswiriwo anagwira ntchitoyo mofulumira, anamaliza msangamsanga. Pomwe nkhani si ya kufulumira ayi. Nkhani ndi ya kuchepa kwa kusiyana pakati pa miyeso. Ntchito ya zaka zambiri yasanduka mpikisano wothamanga chifukwa cha mawu amodzi.

Tiyambe ndi "kamphindi" komweko. Mawu akuti "mphindi" amasenza katundu wapawiri. Kusukulu ndi muyeso, masekondi 60, osaposa osachepa. Kumsika ndi kanthawi kosayezeka. Wokonza njinga akakuuzani kuti "dikirani kamphindi, bwana", mukhoza kudya chinangwa n'kumweranso thobwa njinga ikadali chagada. Ena, pofuna kupewa mawu obwereka, amagwiritsa ntchito "kamphindi" ndi "timphindi" ponena za masekondi. Cholinga chawo ndimachilemekeza, koma njirayi ndimaikana. Mphatikiram'mbuyo ka- amangotiuza kuti chinthu n'chaching'ono, satiuza kuti n'chaching'ono motani. Ndiponso amabwera ndi mtima wa wolankhula: "kamwana" n'chikondi, "kagalimoto" nthawi zina n'kunyoza. Muyeso sufuna mtima wa munthu. Chinanso, ka- sasanjikizana. Palibe amanena kuti "kakamphindi". Pomwe pansi pa sekondi pali makwerero otsika, lililonse locheperapo ka 1,000 kuposa linzake: milisekondi, maikolosekondi, nanosekondi, pikosekondi. Nanosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a sekondi. Pikosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a nanosekondiyo. Makwerero anayi onsewa sangakwane mu ka- mmodzi.

Apa ine ndili kumbali ya obwereka, ndipo sindichita nazo manyazi. Mawu athu ambiri a nthawi ya pawotchi ndi alendo amene anamanga nyumba pakati pathu kalekale. "Ola" anachokera ku Chipwitikizi, hora. "Koloko", "wotchi" ndi "sekondi" anachokera ku Chingerezi. Ngakhale Lolemba ndi Loweruka, amene ndi Chichewa chokhachokha, akununkha thukuta la ntchito yolembedwa: tsiku lolemba antchito ndi tsiku loweruka. Mercy Kazima, katswiri wa kaphunzitsidwe ka masamu ku University of Malawi, analembapo mu 2008 kuti pa mawu a masamu dziko lathu linatsata njira yobwereka n'kulemba m'kalembedwe ka Chichewa, pomwe maiko ngati Tanzania anayesetsa kupanga mawu awoawo. Njira iliyonse ili ndi zovuta zake, koma pa mayina a miyeso palibe chifukwa chovutikira. Mita ndi mita, sekondi ndi sekondi.

Kangachepe, kali ndi kanthu koseketsa. "Maikolosekondi" akuyamba ndi ma-, ndipo khutu la Mchewa limamva ngati ndi zambiri kale. Kodi tizinena "mamaikolosekondi"? Ine ndikuti tisadzivutitse. Tili kale ndi "malo amodzi" ndi "malo awiri". Tiyeni tinene "maikolosekondi amodzi", "maikolosekondi 38", basi.

Koma kubwereka dzina n'kosakwanira, ndipo apa ndi pamene olemba athu amaima msanga. Munthu ukamuuza kuti "mapikosekondi 30" wamupatsa phokoso chabe. Chofunika n'kusandutsa nthawi kukhala mtunda, chifukwa mtunda aliyense amaudziwa ndi mapazi ake. Kuwala kumayenda mamita 299,792,458 pa sekondi. Choncho pa nanosekondi imodzi kumayenda masentimita pafupifupi 30, kutalika kwa lula ya mwana wa sukulu. Alangizi a zaulimi amatiuza kuti mizere ya chimanga izitalikirana masentimita 75. Kuwala kumadumpha kuchoka pa mzere wina kufika pa unzake m'mananosekondi awiri ndi theka. Nanga mapikosekondi 30 aja? Ndi mamilimita 9, kukula kwa njere imodzi ya chimanga. Mwamvatu? Setilaiti ili makilomita mazanamazana kumwamba, ikuthamanga makilomita oposa 7 pa sekondi, koma miyeso ya nthawi ikusiyana ndi kanthawi kamene kuwala kumadutsira njere ya chimanga. Chiganizo chotere mlimi wa ku Mpingu achimva n'kugwira pakamwa. "Kamphindi kochepa zedi" sikamugwiritsa pakamwa aliyense.

Wina afunsa kuti, nanga za mawotchi a m'mlengalengazi zikumukhudza bwanji munthu wa kwa Kabudula? Zikumukhudza pa malire a munda wake. Dera la kumadzulo kwa Lilongwe lili ndi mbiri yapadera pa nkhani ya malo. Pansi pa malamulo a malo a mu 1967 ndi chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chimene chinayamba mu 1968, minda ya makolo inayezedwa n'kulembetsedwa m'dzina la woimira banja, dongosolo limene anthu amalidziwa ndi dzina lakuti ndunda. Lero, pansi pa lamulo la malo a makolo la mu 2016, oyeza malo amabwera ndi makina olandira uthenga wa masetilaiti. Makina amenewa sayeza mtunda ndi chingwe. Amayeza nthawi. Setilaiti iliyonse ya GPS, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ili ndi wotchi ya atomu ndipo imangolengeza kuti "ndili pakuti, nthawi ili yakuti". Makina a pansi amaona kuti uthengawo wachedwa bwanji panjira, n'kuwerengera mtunda. Amafunika masetilaiti anayi, osati atatu, chifukwa wotchi ya m'makina a pansiwo ndi yotchipa ndipo kulakwa kwake kumayenera kuwerengeredwanso. Wotchi ikaphonya ndi maikolosekondi amodzi okha, mtunda waphonya ndi mamita 300. Ndiye kuti munda wonse walowa kwa aneba. Milandu ya kwa anyakwawa imayamba ndi mizere iwiri yokha, eti?

Tsopano "kugwirizanitsa", amene kwa ine ndiye wopalamula wamkulu. Mneni ameneyu ndi wokongola kwa wophunzira za chiyankhulo. Muli gwir-, muli -iz-, muli -an- wa muchitirana, muli -its- wa muchititsa, zonse zitasanjana monga amafotokozera Sam Mchombo za misintho ya aneni m'buku lake la mu 2004, The Syntax of Chichewa. Tanthauzo lake n'kuchititsa kuti awiri amvane. Ankhoswe amagwirizanitsa banja, mafumu amagwirizanitsa midzi. Muli kukambirana, muli kulolerana, wina kutsikako pang'ono winanso kutsikako. Mawotchi salolerana. Ndipo choipa kwambiri n'chakuti mneniyu amakwirira kusiyana kumene Chichewa cha pamsewu chimakudziwa bwino lomwe.

Tamverani anthu akamadandaula za wotchi. Wina amati, "Wotchi yanga yatsogola ndi mphindi zisanu." Wina amati, "Wotchi imeneyi imathamanga." Awa si matenda amodzi. Wotchi yotsogola ikhoza kukhala ikuyenda liwiro labwinobwino, kungoti inayambira polakwika. Mukaibweza kamodzi, yachira. Wotchi yothamanga mukaibweza lero, mawa yatsogolanso, chifukwa vuto lili m'kayendedwe kake. Chimodzimodzi "yatsalira" ndi "imachedwa". Onani kuti kusiyanaku kwanyamulidwa ndi nthawi ya mneni: -a- wonena zimene zachitika, ndi -ma- wa chizolowezi. Akatswiri a nthawi ali ndi mayina awiri osiyana a ntchito ziwirizi m'ziyankhulo zawo, ndipo ophunzira awo amavutika kuwasiyanitsa. Mchewa amasiyanitsa osaganizira n'komwe. Mwachitsanzo, mawotchi a pa masetilaiti a GPS "amathamanga": chifukwa cha zimene Albert Einstein anafotokoza zokhudza liwiro ndi mphamvu yokokera zinthu pansi, amapitirira a pansi pano ndi maikolosekondi pafupifupi 38 tsiku lililonse, ndipo amawakonzeratu liwiro asanawaponye. M'kanthawi kameneko kuwala kumayenda makilomita 11. Wolemba amene anganene kuti mawotchiwo "amagwirizanitsidwa" wataya mphatso imene chiyankhulo chinamupatsa chaulere.

Choncho ine ndimaona ntchito zitatu pamene ena akuona imodzi. Pali kuyerekeza mawotchi, kuti tidziwe kuti asiyana bwanji. Pali kutchera wotchi, kapena "kuseta" monga amanenera achinyamata, ndiko kuibweza kapena kuipititsa kuti iloze nthawi yoyenera. Ndipo pali kuwongola liwiro lake. Zimene anachita a Micius kwenikweni ndi ntchito yoyambayo. M'malo osungira nthawi kawirikawiri wotchi ya atomu saigwiragwira, amangolemba kuti yasiyana ndi inzake mwakuti. Nthawi ya dziko lonse, UTC, imene ife kuno timawonjezerapo maola awiri, ndi chiwerengero chimene ofesi ya BIPM ku Sèvres, pafupi ndi Paris, imapeza poyerekeza mawotchi mazanamazana a m'maiko osiyanasiyana. Sekondi yeniyeniyo, kuyambira mu 1967, ndi kugunda 9,192,631,770 kwa cheza chochokera mu atomu ya cesium.

Kodi mawotchi otalikirana amawayerekeza bwanji, poti uthenga umachedwa panjira? Tiyerekeze kuti wina ali pa Nsaru, mnzake ali kwa Kabudula, aliyense ndi wotchi yake, mafoni palibe. Wa pa Nsaru atuma wakabaza ndi kalata yolembedwa kuti "wanyamuka 8:00". Pofika, wotchi ya kwa Kabudula ikuti 9:10. Ulendo ukuoneka ngati wa mphindi 70. Wa kwa Kabudula amubweza wakabaza uja wotchi yake ikuti 10:00, ndipo pofika pa Nsaru wotchi ya kumeneko ikuti 10:50. Ulendo wobwerera ukuoneka ngati wa mphindi 50. Ngati wakabazayo anapalasa mofanana popita ndi pobwera, ulendo weniweni unali wa mphindi 60, ndipo wotchi ya kwa Kabudula yatsogola ndi mphindi 10. Palibe amene anafunika kudziwiratu kutalika kwa msewu. Imeneyi ndiyo nzeru ya kutumizirana uthenga mbali zonse ziwiri, imene gulu la Pan Jianwei linamangapo dongosolo lake, ndipo -an- wathu wa muchitirana apa ndiye pake penipeni: kutumizirana, osati kugwirizanitsa. Kungoti kwa iwo "Kabudula" akuthawa makilomita 7 pa sekondi, choncho njira yopita ndi yobwerera sizifanana ndipo kusiyanako amachita kukuwerengera.

Onaninso pamene chinyengo chingalowere. Wina akamuimitsa wakabaza panjira, n'kusintha kalata kapena kumuchedwetsa ulendo umodzi wokha, mawerengero onse apotoka ndipo eni ake sadziwa. Izi si nthano. Uthenga wa GPS umene tonse timagwiritsa ntchito ndi wofooka ndiponso wosabisika, ndipo anthu amatha kupanga wabodza. Mu 2013 gulu la Todd Humphreys la ku University of Texas linasocheretsa boti lalikulu pa nyanja ya Mediterranean ndi uthenga wonamizira, eni botilo atavomera, makina a m'botimo osazindikira kanthu. Ndipo amene amadalira nthawi ya masetilaiti si oyenda panyanja okha: nsanja za mafoni, mabanki ndi mawaya akuluakulu a magetsi m'maiko ambiri amatapa nthawi komweko.

Apa ndipo pakulowa kuwala kuja tinakutcha "kwamakono". Mawu amenewa ndi ulesi wokhawokha. Foni ndi yamakono, mbewu ya haibulidi ndi yamakono, chimbudzi chothira madzi n'chamakono. Nanga tamuuza chiyani womvera? Komabe ndikuvomereza kuti pano pali fupa lenileni m'chiyankhulo chathu. "Kuwala" ndi dzina lochokera ku mneni, la gulu la ku-, ngati "kudya" ndi "kuyenda". Siliwerengeka. Sitinena kuti "kuwala kutatu" potanthauza zidutswa zitatu. Pomwe chinsinsi chonse cha sayansi imeneyi n'chakuti kuwala, ukakuchepetsa kwambiri, kumafika kamodzikamodzi ngati madontho a mvula yowaza pa malata, ndipo kadontho kalikonse sikagawika. Kadontho kameneko ndiko fotoni. "Cheza" sichithandiza, chifukwa cheza ndi mzere wa kuwala, muli mafotoni osawerengeka. Chichewa chikafuna kuwerenga chosawerengeka chimabwereka chotengera: njere ya mpunga, dontho la madzi, mbulu wa mchere. Ndiye "njere ya kuwala" ndi njira yabwino yolowera, bola tisagonepo. Njere ili ndi malo ake enieni, ukhoza kuitola, kuiyang'ana n'kuibwezera osaisintha. Fotoni sichoncho, ndipo kusatero kwakeko ndiye nkhani yonse. Ndikanakonda tinene "fotoni, njere ya kuwala" kamodzi poyamba, kenako "fotoni" ndi "mafotoni" mpaka kumapeto.

Mu 1982 William Wootters ndi Wojciech Zurek, komanso Dennis Dieks payekha, anasonyeza kuti n'zosatheka kukopera ndendende mkhalidwe wa fotoni umene sukuudziwa. Ukayesa kuiwerenga panjira, umaisokoneza. Choncho fotoni iliyonse yochoka pa setilaiti imagwira ntchito ziwiri: nthawi imene yafikira ndi chizindikiro cha wotchi, ndipo mkhalidwe wake ndi chidindo. Olandira akaona kuti zidindo zolakwika zachuluka, amadziwa kuti wina wagwiragwira uthenga, n'kuutaya. Pa kafukufuku wa Micius zolakwikazo zinali zosakwana 1 pa 100 iliyonse. Pano wolemba wofulumira alemba kuti "chitetezo chokhwima", amene ndi mawu enanso a chitenje. Si mpanda umenewu, wakuba sakanika kufika. Zili ngati mayi wosalaza ufa m'dengu n'kudindapo chikhatho asanapite kumadzi: ufa ukhoza kutapidwa, koma wotapayo sangabwezeretse chidindo. Ndi chitetezo choulula, osati chotchinga. Ndiponso chidindo pachokha sichiletsa munthu kungochedwetsa wakabaza osatsegula kalata. Chimene chimathandiza pamenepo n'chakuti kuwalako kumadutsa m'njira yowongoka, yopyapyala, imene mtunda wake umadziwika.

Nanga "kwantamu"? Kalembedwe kake sikavuta, kw- ndi wathu. Chovuta ndi khutu. "Kuwala kwa kwantamu" kukumveka ngati chibwibwi, ndipo ndikulosera kuti pakamwa pa anthu kwa mmodzi adzagwa, n'kutsala "kuwala kwa ntamu", ngati kuti Ntamu ndi mfumu ina ya kuseri kwa Nambuma. Musaseke, chiyankhulo chimachita zimenezi. Chapéu cha Apwitikizi chinafika kuno n'kumveka ngati chili ndi chi- wathu, lero tili ndi "chipewa" ndi "zipewa". Ine sindingalire zitatero. Koma polemba ndimakonda "kuwala kwa fotoni imodziimodzi", chifukwa kukunena chimene chikuchitika, ndipo "kwantamu" ndimamusungira dzina la phunzirolo. Ophunzira athu adzakumana nalo posachedwa, poti layandikira: mu 2025 magazini ya Nature inafalitsa za kulumikizana kwa China ndi Stellenbosch University ku South Africa, mtunda wa makilomita 12,900, kudzera pa setilaiti yaing'ono ya Jinan-1. Kumeneko ankagawana makiyi obisira uthenga, osati nthawi, koma njere zake ndi zomwezi.

Katsala kamodzi, kamene ndikaona kakusoweka ngakhale m'zolemba za anthu osamala. Mapikosekondi 30 aja sakutanthauza kuti nthawiyo inali "yolondola" mpaka pamenepo. Akutanthauza kuti miyeso inali yosasinthasintha. Aliyense amene anagulitsapo soya kapena mtedza kwa mavenda akudziwa kusiyana kwake. Sikelo yobera ukaikapo thumba lomwelo kasanu, kasanu konse ikupatsa nambala imodzi. Ndi yosasinthasintha, koma si yolondola. N'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo ndi miyala yawo yoyezera, sangofunsa ngati sikelo ikubwereza mawu ake. "Ndendende" ndi "molondola" tiwasungire muyeso umene wayerekezedwa ndi mwala wodalirika.

Chiganizo chija ndikanachilemba chonchi: "Akatswiri a ku China ayerekeza wotchi ya pa setilaiti ndi ya pansi pano potumiza mafotoni, njere za kuwala, imodziimodzi. Miyeso yawo imasiyana ndi mapikosekondi 30 okha, kanthawi kamene kuwala kumadutsira njere ya chimanga, ndipo wina akasokoneza uthengawo panjira zimadziwika." Chatalika, inde, ndipo mkonzi wa nkhani za 7 koloko adzafuna kudulako. Ngati n'kudula, adule "njere za kuwala", poti njere ziwiri m'ndime imodzi zikhoza kusokoneza womvera. Ya chimangayo aisiye.